Loya amene anamulanda kuimirira

Matipate atangoyamba kumene, aliyense kwathu ku Neno anali katswiri wa malamulo. Ukaponda munthu phazi mumsika, amakuuza za ufulu wake wachibadwidwe. Koma loya weniweni tinali naye mmodzi yekha, ndipo anali wotha ntchito.

Bamboyu anabwerera kumudzi atatuluka kundende. Ku Blantyre anadya ndalama za chipukuta misozi za mayi wina wamasiye, khoti linamupeza wolakwa, kenako dzina lake analifufuta m'kaundula wa maloya. Ine zimenezi zinkandizunguza mutu. Kodi munthu amamuchotsa bwanji uloya? Mkanjo wakuda anali nawo, ndinauona pachingwe, waukulu woti mabanja awiri n'kufunda. Mabuku analipo. Chizungu chinalipo, choti akakalipira mbuzi, mbuziyo inkapepesa. Nanga anamulanda chiyani?

Yankho ndinalipeza chifukwa cha njinga. Nthawi imeneyo ndinkagula mbatata ya kachewere ku Dambe n'kumakagulitsa ku Zalewa. Tsiku lina ndinagula njinga kwa munthu wina pamsika pomwepo, yotsika mtengo mokayikitsa, koma ine sindinakayike. Patangotha milungu iwiri apolisi anandigwira nayo paboma. Inali yobedwa. Anandipatsa belo ndi tsiku la mlandu, ndipo wapolisi wina anandinong'oneza kuti ndiyambiretu kuzolowera nandolo wofumbwa.

Ndinanyamula dengu la manachesi, ulendo kwa a loya. Ndinawapeza akupalira mbatata. Atamva nkhani yanga anati kundiimira sangathe. Ndiye ndinapempha kuti andibwereke mkanjo basi. Kwathu suti ya ukwati timabwerekana, jekete imodzi inakwatitsa mudzi wonse, ndiye ndinaona ngati mkanjo ndi chimodzimodzi: ndivale, woweruza achite mantha. Anaseka mpaka anakhala pamzere.

“Mphwanga, mkanjowo ndi nsalu chabe. Chimene anandilanda n'kuimirira. M'khoti ndikhoza kulowa ngati wina aliyense, koma ndikangoimirira kuti ndiyankhulire munthu, ndabwerera kumene ndachokera.”

Kenako anati ndiwafotokozere mmene ndinagulira njingayo. Ndinayamba bwinobwino, koma mukundidziwa. Posakhalitsa wogulitsa uja anali ndi chipsera kuyambira pakhutu mpaka pabondo, anthu oonerera anali mazana atatu, ndipo mvula inagwa mbali imodzi yokha ya msewu. A loya anandidula. Anati iwo mabodza amawadziwa, anadyerapo, ndipo anga ndi osaphika. Anandilola mfundo zitatu zokha: ndinagula masana, pamsika, pamaso pa mayi wogulitsa zitumbuwa amene amandidziwa. Anati ndikamupemphe mayiyo abwere ngati mboni. Anandibwerezetsa mpaka lilime linatupa. Chabwino, silinatupe, koma linatopa.

Ndinawafunsanso ngati ndalama za mayi wamasiye zija zinkakoma. Anangoyang'ana khasu, n'kunena kuti timalize za njinga.

Tsiku la mlandu anabwera atavala malaya wamba, nakhala pabenchi lakumbuyo pakati pa azimayi odikira milandu ya nkhuku. Woweruza atandifunsa, ndinanena mfundo zanga zitatu. Zinatha msanga kwambiri. M'khoti munangoti zii, ndipo ine bata limandiyabwa. Ndinamva pakamwa panga pakuyamba pokha kuti wogulitsa uja anali ndi chipsera...

Kumbuyo kunamveka chifuwa. Chimodzi chokha, chouma. Ndinatseka pakamwa ngati ndameza ntchentche. Woweruza anasuzumira kumbuyoko pamwamba pa magalasi ake, ndipo ndikhulupirira anawazindikira, koma kutsokomola si mlandu. A loya anali chikhalire, matako sanachoke pabenchi.

Mayi wa zitumbuwa ananena zake zofanana ndi zanga ndendende. Woweruza anandimasula. Njinga inabwerera kwa mwini wake, ine n'kubwerera ku miyendo yanga.

Pobwerera ine ndi a loya tinayenda limodzi wapansi. Ndinawakumbutsa za dengu la manachesi lija, limene analikana tsiku loyamba. Anakananso, ati akalandira ndiye kuti agwira ntchito imene anawaletsa. Titafika pamtunda, thukuta lili kamukamu, anandifunsa ngati m'thumba mwanga munatsalako limodzi. Ndinawapatsa. Akusenda anandichenjeza kuti limenelo ndi la ludzu, si malipiro, ndipo ndisakanene kumudzi kuti anadya dengu lonse.

Ndinakanena kuti anadya madengu awiri.