Munga wa Nkholokolo

Chinali chaka cha 1947, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kachitini ka singano za galamafoni ndikadali nako. Mulibe kanthu, koma sindilola mdzukulu aliyense kusungiramo mbedza.

Amalume anabwera nako kuchokera ku nkhondo, pamodzi ndi galamafoni ndi bokosi la mbale zakuda. Maso anawasiya komweko. Mbalezo anawapatsa ku chipatala cha asilikali akhungu. Munalibe nyimbo. Munali mzungu akuwerenga buku lalitali la ku Rasha, nkhani ya nkhondo yamakedzana. Amalume anali kalaliki wa asilikali, Chingerezi ankachimva bwino. Koma miyezi inayi anangokhala pakhonde osalankhula, bokosi lili kunsi kwa bedi. Amayi ankawaikira chakudya n'kudzachichotsa chitazizira.

Mvula itayamba, chilumba cha Mbenji chinatsekedwa monga mwa mwambo, asodzi n'kubwerera kumudzi. Maukonde ankasokera pansi pa mkuyu wathu. Tsiku lina mmodzi anawaputa amalume: "Asilikali, kodi m'bokosimo mwabisamo mkazi?" Amalume anandiitana. "Iwe uli ndi maso. Werenga manambala a pa mbalezi, upukuse."

Ntchito ndinaigwira bwino, ndipo sindikudzitama. Mzungu ankalankhula pang'ono, amalume n'kukweza dzanja, ine n'kunyamula singano, iwo n'kumasulira. Mayina a Chirasha anatikanika, choncho asodzi anawasintha. Mnyamata wolemera, wonenepa uja anakhala Bombe. Mtsikana wosakhazikika anakhala Usipa. "Bombeyu akwatira liti?" ankafunsa m'mawa uliwonse. Ndikukumbukira fungo la maukonde onyika m'makungwa, ndi thukuta likutsika m'msana pamene tinkamva za kuzizira kopha akavalo. Ana a lero amamvetsera ndi timawaya m'makutu, aliyense payekha. Kumeneko si kumvetsera.

Mu Febuluwale singano zinatha. Ku Khombedza kunalibe, m'masitolo a ku Salima munalibenso. Asodzi anasamukira pamthunzi wina, amalume n'kubwerera pakhonde paja. Mbale ya chakudya inayambanso kubwerera yodzaza.

Ndinachita mantha. Ndinatola munga wa pamsana pa nsomba ya nkholokolo, wolimba ngati msomali, n'kuunola pamwala. Amayi ali kumunda, amalume ali m'tulo masana, ndinatengera galamafoni kuseri kwa nkhokwe n'kuyesa. Mzungu ananena mawu atatu, kenaka kwee! Ndinati vuto ndi mbaleyo, ndiye ndinaikapo yotsatira. Zonse ziwiri zinatuwa ngati zapalidwa ndi mpeni.

Ndinaulula ndekha. Amayi anathyola kamtengo. "Musiyeni, achemwali," anatero amalume. "Yekhayu ndiye wayesako."

Anatipulumutsa ndi aphunzitsi a m'mudzi mwathu. Anabweretsa minga youma ya msangu, nati ku mishoni ankachita choncho. Mawu anatuluka ofewa, koma omveka. Asodzi anabwerera. Tsono mbale ziwiri zija zinali pamene gulu la adani likuthawa mumzinda wopsa, kutsogolo kuli mtsinje waukulu.

"Ndiye awoloka bwanji mtsinje?" anafunsa mkulu wina.

"Tula mungawo," amalume anandiuza. "Pamenepo ndikupadziwa."

Anafotokoza popanda mzungu. Anati asilikali anayenda masabata atatu mumvula, nsapato zitadzaza misundu. Anati wina anabereka mnzake wodwala kumsana masiku awiri, mnzakeyo akuitana amake, mpaka mkulu wa gulu analamula kuti amutule. Anamutsamiritsa pamtengo, namusiyira botolo la madzi ndi fodya. Manja onse analeka kusoka. Mkulu anafunsa za mtsinje uja anavula chipewa. Palibe anafunsa za Bombe tsiku limenelo.

Madzulo ake amalume anadya n'kupempha kuwonjezera. M'mawa mwake anandigwira paphewa kuti ndiwaperekeze kukasamba kunyanja. Bukulo tinalimaliza Mbenji asanatsegulidwe, ndipo Bombe anakwatiradi Usipa. Asodzi anakuwa ngati ukonde wadzaza.

Ine ndinkangonyadira kuti amalume anga akudziwa buku lonse pamtima. Sindinadzifunse kuti mbale zimene anali asanazimvepo anazidziwa bwanji, kapena kuti misundu ikhala bwanji m'dziko limene mitsinje imauma gwa ndi chisanu.

Zotayika nyengo imeneyo n'zowerengeka: singano kachitini kamodzi, mbale ziwiri, ndi munthu mmodzi wotsamira pamtengo, amene ine ndinkamuyesa wa m'buku.