Nkhope Yanga pa Ndalama ya Abakha Handiredi

Linali Lamulungu, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, cha m'ma 2 koloko masana, pamene ndinatsegula envelopu yanga ya khaki n'kupeza kuti zithunzi zanga ziwiri mulibe. Zinali zing'onozing'ono zija zomata pa fomu. Bungwe lina la alimi a mpunga linkafuna kalaliki, ndipo tsiku lomaliza kulandira mafomu linali Lolemba, ku Karonga Boma. Ife timakhala ku Uliwa. M'thumba ndinali ndi ya minibasi yokha, yojambulitsanso ndinalibe.

Ndinakutumula mabuku, ndinafunyulula matiresi. Mayi a kunyumba, amene ankasankha mpunga pakhonde, anangoti, "Kafunseni boma la kuseri."

Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa mango. Pa tchuthi chimenecho ana athu aakazi awiri anakhazikitsa dziko pansi pa mtengowo, malire ake njerwa. Nzika zinalipo zisanu ndi ziwiri, atsikana okhaokha. Chilankhulo cha boma chinali Chichewa, chifukwa mmodzi wa iwo, mwana wa mwini golosale wochokera ku Mangochi, Chitumbuka ankachimva movutikira. Za dzikolo ndinkadziwa, koma zoti lili ndi ndalama yakeyake ndinazimva tsiku limenelo.

"Malawi ali ndi tambala, ife tili ndi bakha," anandifotokozera mwana wamkulu, amene anali pulezidenti.

Chitsekerero cha botolo, chophwanyidwa ndi mwala kuti chikhale chaphwatalala, chinali bakha mmodzi. Cha botolo la mowa sichinkagwira ntchito, poti bambo a mnzawo uja ndi Msilamu ndipo sakanalola kuti chilowe m'nyumba mwawo. Ndalama zamapepala anazidula m'makope akale. Pa ya abakha khumi anajambulapo usipa, pa ya makumi asanu njinga ya kabaza. Za handiredi zinalipo ziwiri zokha, ndipo zinkafunika nkhope ya munthu wovala tayi.

"Adada, m'nyumba muno wa tayi ndinu nokha," anatero wamng'ono. Iyeyu ndiye anali banki.

Mayi awo anasuzumira pakona ya nyumba, lichero lili m'manja. "Thokozani, bambo. Anzanu amayamba amwalira kaye asanaikidwe pa ndalama."

Ndalama imodzi inali m'chitini cha banki, ndipo anandipatsa nditangofotokoza za fomu. Inayo inali ndi mwana wa ku golosale. Anaifumbata, naibisa kumsana. Ndinatulutsa K200 pa ndalama ya minibasi ija.

"Ankolo, kuno kwacha sitilandira," anatero. "Yakunja muyambe mwasintha, ngati pa boda ya Songwe."

"Chabwino, ndisinthireni."

"Banki sasintha Lamulungu," anayankha mwana wanga, osaphethira n'komwe.

Ndikanatha kukalipa, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwanayo sanali wanga, komanso ndinamva kuti ndalamayo anaipeza poluka tsitsi la anzake masiku atatu. Kumulanda kukanakhala kuba. Ndinafunsa kuti mlendo amapeza bwanji abakha. Ananong'onezana, kenako pulezidenti analengeza kuti mlendo amagwira ganyu.

Kusesa masamba m'dziko lonse anandilipira abakha khumi. Kumanganso chingwe cha katungwe, chimene chinaduka kalekale ndipo ndinkangoti ndikonza mawa, makumi atatu. Ndinapempha kuti awonjezereko chifukwa ndinakwera mumtengo, koma anati mtengo ndi wa boma, ndipo kukweramo ndi mwayi. Ganyu wina panalibe. Abakha makumi asanu ndi limodzi otsalawo ndinayenera kukatola ndekha.

Motero ndinapita kumsika ndi jumbo, ndidakali m'zovala za kutchalitchi, n'kumawerama pakhomo la sitolo iliyonse. Anthu ondidziwa ankandipatsa moni mwaulemu, kenako n'kucheuka kawiri. Pa golosale ija, bambo a mwana uja anatuluka.

"Achimwene, mwataya chiyani?"

"Ndikutola ndalama."

Nditawafotokozera anaseka mpaka kugwira chitseko. "Ameneyo ngakhale ine sandichotsera mtengo," anatero. Analowa, nakokera filiji patsogolo, n'kundisesera zitsekerero zodzaza manja awiri.

Ndinazikhoma ndi mwala chimodzichimodzi, atsikana atandizungulira. Banki anawerenga kawiri, nakana zinayi kuti ndi za mowa, china kuti chachita dzimbiri. Mwamwayi ndinali nditatola zopitirira. Dzuwa lisanalowe ndinapereka abakha handiredi, ndipo mwana uja anandipatsa nkhope yanga ndi manja awiri, atapinda mawondo.

Zithunzizo ana anali atazimata pa ndalamazo ndi phala la ufa wa kondowole, ndipo linagwira ndithu. Mayi a kunyumba anaziyika pa nthunzi ya ketulo mpaka zinamatuka. China chinatuluka bwinobwino. Chinacho chinali ndi ziro wa bolopeni m'mphepete, pamwamba pa phewa langa.

M'mawa mwake ndinadula m'mphepetemo ndi lezala, moti phewa la kumanzere linachepa pang'ono. Ndinamata zonse ziwiri pa fomu, ndinavala tayi yomwe ija, ndipo 6 koloko inandipeza ndili pamsewu kudikira minibasi. Ku Boma ndinafika 9 koloko isanakwane. Mayi wolandira mafomu anayang'ana zithunzi, nandiyang'ana ine, nafunsa chifukwa chake china chinali chaching'ono. Ndinati ndi ana. Anagwedeza mutu, nadinda, n'kuika fomu yanga pamwamba pa mulu.