Laputopu yofunda bulangete

Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Dedza Boma, ndipo khondelo ndimagawana ndi Magadalena, wokonza malaputopu. Kale ankagulitsa mayunitsi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa mlongo wake ku Lilongwe, nabwerera kuno ndi kachikwama ka zitsulo ndi mswachi wakale wochotsera fumbi. Ndi mayi wosakonda zolankhulalankhula, moti nthawi zina amandipsetsa mtima. Iwe ukumupatsa moni, iye khutu lili pa makina.

Munthu akabwera ndi laputopu, Magadalena sathamangira kumasula. Amayamba wafunsa ngati namwino wa kusikelo: "Imagona pati?" Anthu amaseka, koma yankho lake limaulula zambiri. Yogona pafupi ndi mbaula imabwera itadzaza mwaye, yogona pansi pa bedi imabwera ndi mphemvu. Ikakana kuyaka amayesa kaye chaja china, poti nthawi zambiri vuto limakhala chingwe. Ikamachedwa ngati ngolo pachitunda, amafufuta magemu amene ana analowetsamo mwakuba.

Mwezi wa Juni, kukuzizira kolasa m'mafupa, kunafika a Gervazio, bambo wachikulire wolima kachewere ku Kasina. Anali atafungatira mtolo wa bulangete ngati khanda.

"Mayi, mufufute zonse zili umu," anatero akufunyulula laputopu. "Ndikaipereka kuparishi."

"Yalakwanji, bambo?" anafunsa Magadalena.

"Iyo sinalakwe. Walakwa ndi mwana."

Anafotokoza kuti mwana wawo Limbikani ali ku Joni, ndipo anachoka atakangana pa nkhani ya munda umene iwo anapatsa mphwake. Patapita nthawi anawatumizira laputopuyo kuti azionana nkhope, poti maso awo saona bwino pafoni. Lamulungu lililonse akachokera ku Misa ankamuimbira.

"Koma tikangomaliza moni, tiyambe nkhani yeniyeni, mdima bii! Amandidula. Ine sindingagwadire mwana wobala ndekha. Ndinasiya, ngakhale foni yake sindiyankhanso."

Magadalena anamvetsera mpaka anatha, kenako anafunsa funso lake lija.

"Imagona m'bulangete momwemu," anayankha a Gervazio. "Ngakhale polankhula ndimaifunditsa, n'kusiya galasi lokha. Kuzizira kwa kwathu mukukudziwa. Mwiniwake anati ndiisamale."

Ine ndinafuna kuseka, koma nditaona nkhope yawo chisoni chinandigwira. Munthu wakwiyira mwana wake chonchi, komabe akufunditsa mphatso yake kuti isamve mphepo.

Magadalena anaitembenuza, namasula kunsi, n'kuwaonetsa fani. Inali itatsekeka ndi ubweya wa bulangete, yosathanso kuzungulira.

"Bambo, chinthuchi chimapumira apa. Chikatenthedwa chimadzizimitsa chokha kuopa kupsa. Amene amakudulani si mwana wanu ayi."

Magadalena anachotsa ubweya wonse ndi mswachi uja, nauzira, n'kutseka. Anaikhazika pa timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, nailumikiza ku intaneti ya foni yake.

"Imbani," anatero.

"Nanga akakana kuyankha?"

"Tikatero tifufuta."

A Gervazio anadina dzina la Limbikani. Inaitana kanthawi ndithu. Kenako panaoneka nkhope ya mnyamata wovala chipewa cha kuntchito.

"Bambo! Ndinu? Bwanji mumandidula nthawi zonse? Ine ndimati simunandikhululukire."

A Gervazio anatola bulangete lija n'kudzifunditsa okha m'mapewa, nakoka mpando wanga wa makasitomala osapempha n'komwe.

"Peza pokhala, mwana wanga," anatero. "Lero tiyambira pa munda uja."

Magadalena anandikodola kuti ndiimitse makina anga osokera, akusokosa. Ndinaimitsa, ndipo tsiku limenelo sindinasokenso kanthu.