Nyali ya pa Phompho

Nkhwangwa anaipereka kwa ine. Panali anyamata a chipani asanu, aliyense ndi manja ake awiri, koma anasankha ine.

"Dulani, asuweni," anatero wapampando wa nthambi yathu. Anali msuweni wanga weniweni, mwana wa atsibweni. Sanandiyang'ane kumaso.

Mlongoti woti ndiudulewo unali wa bulugamu. Achimwene anga anauzika pamene njira yochokera kumsika wa Kasakula imakhota pamwamba pa phompho. Tsikulo anali atakhala pansi pafupi nawo, manja atamangidwa ndi luzi. Amuna awiri ochokera ku boma, ovala majekete, anaima pambali. Galimoto yawo anaisiya kumsewu, kumunsi. Mudzi wonse unalipo. Dzuwa linali paliwombo.

Sindinadule msanga. Ndinayamba ndayang'ana mpini ngati uli ndi vuto.

Achimwene anachoka pamudzi ine ndisanakwatire. Anzawo ankapita ku Joni. Iwo anatsika ndi njanji mpaka ku Beira, kwa Apwitikizi, ndipo anakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Atabwera tinamva kuti ankagwira ntchito pa sitima ya pamadzi. Anthu anafunsa za mayiko amene anaona. Anati sanaone dziko lililonse. Sitima yawo sinkayenda. Inalibe injini. Anachita kuikoka ndi sitima ina n'kukaisiya pakati pa nyanja yamchere, pamalo a mchenga wobisika umene umaswa zombo. Anaimangirira ku nangula ndi unyolo. Pamwamba pa mlongoti wake panali nyali. Ntchito inali imodzi: nyali isazime. Kukagwa nkhungu ankaimba belu. Mwezi wathunthu pamadzi, masiku ochepa kumtunda, kenaka pamadzi pomwepo.

Anthu anaseka. Msuweni wathu ndiye ankaseka kwambiri.

"Zaka khumi ndi ziwiri pa sitima, osafika ngakhale pa Chisepo pompa. Asuweni, bwenzi mutangokhala pa chulu."

"Inu mwakhala pa chulu chibadwire," ankayankha achimwene. "Mwapulumutsa ndani?"

Kwathu kuno, nyengo yozizira, nkhungu imatsika m'mapiri dzuwa lisanalowe. Munthu saona phazi lake. Chaka chachiwiri achimwene atabwera, bambo wina wogulitsa mphasa anaphonya pokhota pochokera kumsika. Tinamupeza m'mawa pansi pa phompho. Titaika maliro, achimwene anakadula bulugamu.

Pamwamba anapachika nyali ya galasi, ndi chitini chachikulu choivundikira, chomangidwa chingwe. Akakoka chingwe, chitini chinkakwera, nyali n'kuoneka. Akasiya, mdima. Katatu, kenaka kuwerenga mpaka khumi, katatunso. M'munsi anapachika khasu lakutha, m'malo mwa belu. Tsiku la msika lililonse ankakhala pamenepo kuyambira madzulo mpaka munthu womaliza atadutsa. Palafini ankagula okha. Anali ndi wotchi ndi kope. Ankalembamo nthawi, nyengo, ndi anthu amene adutsa, monga ankalembera zombo.

Inali nthawi imene anthu ankanong'onezana za zigawenga zobisala m'tchire. Pamsonkhano uliwonse ankatiuza kuti tikaona chachilendo tikanene. Ndinapita kwa achimwene.

"Chotsani chitinicho. Nyali izingoyaka."

"Nyali yongoyaka ndi ya pakhomo. Munthu wosochera amailondola. Ukufuna ndiwaitanire kuphompho?"

"Nanga yophethira?"

"Yophethira imati pano n'poipa, khota."

"Ndani akudziwa zimenezo kuno?"

"Aphunzira."

"Ndiye otchani kopelo."

"Sitima yopanda buku si sitima."

Ndinabwerera. Anali aakulu kwa ine.

Anthu anaphunziradi. Amayi ochokera kumsika ankati akaona katatu aja amagwirana nsalu n'kukhotera kumanja. Palibe anagwanso. Koma masiku ena nkhungu inkayera msanga, ndipo nyali inkaoneka mpaka tsidya la Dowa. Wina anaiona kumeneko, anakanena. Sindidziwa kuti ndani.

Dzulo lake la tsiku la nkhwangwa, msuweni anandipeza m'chigafa ndikusankha fodya. Sanandiseke monga mwa masiku onse. Anakhala pa chitsa.

"Kalata yachokera kumwamba. Sindingaibweze. Mawa akubwera."

"Ndiye?"

"Akakufunsani, munene kuti mutu unasokonekera kunyanja. Wamisala samutenga. Amumenya makofi awiri, basi."

"Achimwene si amisala."

"Ndikudziwa, asuweni. Mawa akhale amisala."

Choncho mawa lakelo, nkhwangwa isanabwere, panali mafunso. Mmodzi wa amajekete anatsegula kope la achimwene n'kuwerenga mokweza. Anthu anayi, mmodzi wa njinga, nkhungu yambiri. Amayi atatu. Mwamuna mmodzi woledzera.

"Mumawerengera ndani anthu amenewa?"

"Ndimangolemba," anatero achimwene.

"Chipwitikizi mumalankhula?"

"Cha pantchito."

"Amayankha nyali iyi ndani?"

"Nyali saiyankha. Amangoiona."

Munthuyo anatembenukira kwa ine.

"Inu ndi ndani wake?"

"Mng'ono wawo."

"Munthuyu ali bwinobwino?"

Ndinayang'ana msuweni. Kenaka ndinanena.

"Mutu wawo suyenda bwino, bwana. Anabwera choncho kuchokera kunyanja. Mudzi wonse ukudziwa."

Msuweni analowererapo msanga. "Zoona, bwana. Munthu anakwera sitima zaka khumi ndi ziwiri, osasuntha ngakhale phazi limodzi. Pano wamanga ina paphiri. Tikudikira kuti tione tsiku lonyamuka."

Anyamata aja anaseka. Anthu enanso anaseka, mwamantha. Wa jekete anamwetulira n'kuyang'ana mnzake. Kope anali atayamba kulitseka. Ndinaona ndi maso anga, chala chinali chitachoka pakati pa masamba.

"Mphwanga akunama," anatero achimwene.

Sanakweze mawu. Kuseka kunatha.

"Mutu wanga uli bwino. Ntchito iyi ndinaiphunzira, ndinaigwira, sitima sinasweke pamalo pathu ine ndili pa nyali. Ndimasuleni ndikuonetseni."

Anawamasula. Anaimirira, anakoka chingwe katatu, anawerenga mpaka khumi, anakokanso. Chitini chinakwera n'kutsika bwinobwino, osakodwa. Anafotokoza zonse mwadongosolo, ngati aphunzitsi. Anati nyali iliyonse ya panyanja ili ndi kawerengedwe kake, kuti woiona ali kutali adziwe kuti ndi iti ndiponso ali pati. Anati yawo yakunyanja inkaphethira katatu, n'chifukwa chake iyinso katatu. Anati atakhala ndi galasi labwino, nyaliyi ikhoza kuoneka kutali kuposa apa.

Wa jekete anatsegulanso kope. Anatulutsa cholembera.

"Ndiye kuti kawerengedweka munakatenga kwa Apwitikizi?"

"Inde. Ndi kumene ndinaphunzira."

"Ndipo akutali amakadziwa?"

"Aliyense wa ntchito imeneyi."

Analemba pachikuto. Msuweni anatseka maso. Ine ndinayang'ana anthu. Amayi amene ankagwirana nsalu aja anali pomwepo. Mkazi wa malemu wa mphasa anali pomwepo, mwana kumsana. Onse ankayang'ana pansi. Sindiwaimba mlandu. Inenso mawu anga ndinali nditawagwiritsa kale, ndipo anali abodza.

Anawamanganso manja. Apa m'pamene nkhwangwa inabwera kwa ine. Ndikuganiza kuti msuweni anachita dala, kuti amajekete aone kuti ine sindili nawo. Mwina anandipulumutsa. Sitinakambiranepo mpaka anamwalira.

Ndinadula. Bulugamu anali atauma, nkhwangwa inkabwerera. Tizidutswa ta mtengo tinkagwera pamiyendo ya achimwene. Mlongoti unagwa chakunjira. Galasi linasweka, palafini ananunkha ponseponse.

"Ukanayamba watsitsa nyali," anatero achimwene. "Umagwira ntchito ngati nkhuku."

Ndi zokhazo anandidzudzula nazo. Za misala sanatchule.

Tinatsika nawo kumsewu, anyamata patsogolo, ife pambuyo. Wina ananyamula chitini ndi khasu lija, akuti umboni. Wotchi anali atawavula kale. Anawakweza kumbuyo kwa galimoto. Anakhala mowongoka, monga ankakhalira pansi pa mlongoti. Anayang'ana kumapiri nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Mphwanga."

Ndinaima.

"Msika ndi mkuja. Mphepo iyi ndi ya nkhungu. Nyali ina ili pansi pa bedi langa, palafini ali m'botolo. Mlongoti si kanthu, uigwire pamanja. Uzivundikira ndi chipewa. Katatu, kenaka khumi. Wamva?"

Wa jekete anali atatsegula chitseko kuti alowe. Sanalowe. Anatembenuka, cholembera chili m'manja, n'kumandiyang'ana. Msuweni anali kumbuyo kwake. Anapukusa mutu pang'ono, ine ndekha ndinaona.

Ndinali ndi mkazi, ana anayi, ndi fodya wosasankha m'chigafa. Ndikanati inde, malo analipo m'galimoto. Ndikanati ayi, achimwene akanapita nalo liwu limenelo kumene ankapitako. Kumeneko sanabwereko. Ndinafunsa ku boma kawiri, kachitatu anandiuza kuti ndisadzabwerenso.

"Wamva, iwe?"

Nkhwangwa inali idakali m'manja mwanga. Ndinaitsamiritsa pamtengo wa m'mbali mwa msewu. Ndinatembenuka n'kuyamba kukwera phiri. Achimwene anaitananso kamodzi. Njira inadutsa pa chitsa cha bulugamu, ndipo pamenepo ndinakhotera kumanja.