Kompyuta Imene Inafufuta Mlongo Wanga

Kompyuta inati mlongo wanga alibe khansa, ife n'kupha nkhuku kusangalala.

Munali m'zaka za m'ma 1990, ndikulima fodya kwa Mwase ku Lundazi. Mlongo wanga Esinati ankataya magazi osalekeza. Tinamva kuti pa kachipatala kena kufupi ndi boma la Lundazi pafika anthu ofufuza khansa ya khomo la chiberekero, atabwera ndi kompyuta yawo. Ndinamukweza panjinga, ulendo.

Anamupima, zopimazo n'kuzitumiza ku Lusaka. Kalaliki, bambo wa tayi yofiira, anafunsa dzina. Kwathu mayi wa ana asanu ndi awiri satchulidwa dzina la paubwana pagulu, amaitanidwa ndi chiwongo. Choncho Esinati anayankha kuti NyaZimba. Tsiku lobadwa sankalidziwa. Kalaliki anangolemba tsiku limene ankapatsa aliyense wosadziwa, ati makinawo salola kusiya mpata. Kompyuta inalira kuti pii! Iye anadina batani osayang'ana n'komwe.

Patatha mwezi tinabwerera. "Monile adada! Makina yakamba ati a NyaZimba ali chabe bwino. Mwende makola," anatero kalaliki uja, akumwetulira.

Magazi sanaleke. Dzinja lonse linadutsa ife tikudalirabe mawu a makina. Pomwe tinkafika ku chipatala chachikulu ku Chipata, dokotala anangopukusa mutu. Anati ndi khansa, yafalikira kale, ndipo tikanabwera msanga akanachotsa chiberekero mayiyu n'kupulumuka.

Ndinabwerera ku kachipatala kaja 8 koloko m'mawa. Magetsi anayaka 11 koloko. Ndinauza kalaliki kuti atsegule makina ake ine ndikuona. Analemba NyaZimba, n'kutuluka munthu mmodzi yekha. Mmodzi! Kodi dera lonse la Lundazi lili ndi NyaZimba mmodzi? Ameneyu anali wa ana awiri, mudzi wake kumalire a Kasungu. Sanali mlongo wanga.

Apa mkulu wa tayi uja anayamba kufotokoza. Anati akalemba NyaZimba wina pa tsiku lobadwa lomwe lija, makina ankalira n'kuonetsa tizilembo tosamveka. Bwana amene anaika pulogalamuyo anawaphunzitsa masana amodzi okha, n'kuwauza kuti ikalira azingodina Y. Kudina Y kunali kufufuta mayi woyamba, wachiwiri n'kulowa m'malo mwake. Zotsatira zikafika kuchokera ku Lusaka, za a NyaZimba onse zinkagwera pa dzina limodzi, zomaliza n'kufafaniza zinzake.

Ndinapempha buku la malangizo. Anatulutsa timapepala tinayi tomata ndi sitepula. Loyamba, kuthokoza opereka thandizo. Lachiwiri, mayina a akatswiri ndi madigiri awo. Otsalawo, kuyatsa ndi kuzimitsa, basi.

"Buku yeniyeni banakamba ati izabwela, adada. Ine nenze kuchita chabe vamene bananiuza," anatero.

Zonyansa! Inu amene munapanga chida chimenechi, munakhala m'maofesi mwanu osafunsa n'komwe kuti amayi a kuno amatchulidwa bwanji? Tsamba lodzitamandira munalipeza, koma mzere umodzi wonena kuti Y amafufuta munthu unakusowani? Ngakhale wogulitsa mankhwala a fodya pa msika wa Lundazi amakuuza kathiridwe kake usanachoke. Inu munasiyira anthu makina onyamula miyoyo ya amayi athu, n'kukwera galimoto, fumbi kobo!

Ndikuchenjeza aliyense: makina akanena kuti muli bwino koma thupi likukana, mverani thupi.

Esinati tinamuika m'manda fodya asanaume m'zigafa. Funso langa silinayankhidwebe. A NyaZimba ena aja, amene anafufutidwa n'kuuzidwa kuti ali chabe bwino, alipo amene anawalondola kumidzi kwawo? Kapena nawonso anapha nkhuku?