Mzungu amene tinamuonetsa manda athu

Ndikamukumbukira Wasili, mphuno zanga zimadzaza fungo la oyilo wa injini, adyo, ndi kabichi wosasa amene ankamuvundika m'diramu kuseri kwa nyumba, fungo loti ngakhale agalu a m'mudzi ankalilambalala. Anali makaniko wa fakitale ya tiyi, mzungu wamfupi, wa zikhadabo zakuda ngati zathu. Azungu anzake ankakhala pamtunda, m'nyumba za malata. Iye anamuponya kumunsi, m'nyumba yaudzu, pafupi ndi ife Alomwe a thangata, chifukwa sanali Mngelezi ndipo kukalabu kwawo sankamulola. Tambala wake ndi wathu ankamenyana pabwalo limodzi.

Ine ndinaleredwa ndi agogo aamuna, a Nakhumwa, amayi atamwalira. Agogowo anaoloka Ruo pothawa chibalo cha Apwitikizi, ali ndi khasu ndi mwana wamkazi, amayi angawo, paphewa, ndipo esiteti inawapatsa pomanga kuti azilipira ndi thukuta. Wezulo yoweruka ikalira, utsi wa fakitale ukutsikira m'chigwa pamodzi ndi fungo la masamba ofota, Wasili ankabwera kudzakhala pakhonde pathu. Ine ndikuwaza nkhuni, iwo akupatsirana chipanda cha masese, Chinyanja cha mzunguyo chikutsimphina ngati mbuzi yothyoka mwendo.

Tsiku lina agogo anamufunsa kuti, "Kodi a Wasili, kwanu n'kuti, poti anzanuwa akukanani?"

Wasili anatola kamtengo n'kuyamba kujambula padothi. Anati kwawo kale kunali chigawo chotchedwa Rutenia, chokhala ndi bwanamkubwa wake amene ankamutcha voyevoda, wokhala mumzinda wa Livivu, pansi pa mfumu ya Apolishi. Chigawocho chinali ndi maboma asanu, lililonse ndi bwalo lake la milandu, ndipo eni minda ankasonkhana kusankha okawalankhulira kwa mfumu.

"Nanga makolo anu ankalankhulako?" anatero agogo.

"Ayi, madala. Ife osauka. Agogo anga kulima munda wa bwana masiku ake, ulere, kenako munda wawo."

Agogo anaika chipanda pansi. "Thangata ameneyo. Kani kwa azungunso kuli thangata?"

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka Wasili anadula chojambula chija ndi mizere. Anati mafumu atatu oyandikana anakhala pansi n'kugawana dziko la Apolishi ngati nyama ya pamaliro, chigawo chawo chinagwera Aositiriya, dzina lakale n'kufufutidwa, nachitcha Galisiya. Nkhondo yaikulu itatha, Aositiriya anagwa, Apolishi n'kubwereranso. "Munda womwewo, mtsinje womwewo," anatero, "koma ukapita kuboma, chilankhulo china, chipewa china. Palibe anabwera kufunsa ife." Misozi inkatsikira m'ndevu zake. Ine ndi maso angawa ndinaiona, musandiuze kuti mzungu salira.

Misozi imeneyo ndiyo inatipha. Kwathu munthu wopanda manda a kwawo ndi wamasiye woposa amasiye onse, ndipo ukamukonda umakamuonetsa kwa akufa ako kuti amudziwe, asamamuone ngati mlendo. Manda athu anali m'nkhalango yowirira kuseri kwa phiri, kumene akapitawo a esiteti sankapondako. Kunali mibawa yoti amuna angapo sangaizungulire ndi mikono, kasupe wozizira, ndi mtengo wa msolo umene tinkathirapo nsembe. Amayi anga anagona pamenepo. Agogo anamutengera Wasili kumeneko m'mawa wina, ine nditasenza kansengwa ka ufa. Agogo anagwada, nathira ufa patsinde pa msolo, nalankhula m'Chilomwe kuti uyu dziko lake anamulanda ngati ife, mumulandire. Wasili anavula chipewa, n'kudzilemba mtanda pachifuwa. Koma ine ndinaona maso ake akukwera mibawa ija kuchokera kutsinde mpaka kunsonga. Ndinkayesa akupemphera.

Iwalani zonse koma ichi musaiwale: injini ya fakitale inkadya nkhuni, ndipo woidyetsa anali iyeyo. Mitengo yapafupi inali itatha, manijala akumukalipira tsiku ndi tsiku kuti injini ikazima achoke. Ife tinatenga munthu amene ntchito yake ndi kusaka nkhuni, n'kukamuonetsa nkhalango.

Mvula isanagwe, nkhwangwa zinamveka kuseri kwa phiri. Anthu athu anakana kudula mtengo wa kumanda, ndiye a esiteti anabweretsa antchito a kutali amene sankadziwa amene agona pamenepo. Agogo anapita kufakitale osasamba n'kumaso komwe, ine pambuyo. Tinamupeza Wasili pakhomo la ng'anjo, zipika zofiira za mbawa zitaunjikidwa pambali pake, zikadali ndi utomoni.

"Wasili, nkhuni izi wazitenga kuti?" Aka kanali koyamba kumva agogo akumutchula kuti iwe.

Sanawayang'ane. "Madala, ine ndilibe dziko. Akandichotsa, ndipita kuti?"

"Unandijambulira padothi m'mene anadulira dziko lako. Ine ndinkayesa ukundiuza chisoni. Kani unkandionetsa ntchito imene unaiphunzira bwino."

"Manda sakhudza. Ndinawauza, mitengo yokha."

"Manda opanda mthunzi ndi munda, chitsiru iwe."

Ndipo zinaterodi. Agogo anayenda wapansi mpaka kuboma. Kalaliki anati malowo ndi a esiteti kuyambira inu musanaoloke Ruo, kadandauleni kwa manijala. Manijala anati za manda a anthu akuda ndi nkhani ya mfumu. Mfumu inati mphamvu zake zimathera pamalire a esiteti. Maofesi onsewo, zipewa zonsezo, panalibe ndi mmodzi yemwe wovomera kuti manda a mwana wa a Nakhumwa ali m'dera lake. Agogo atabwerako anakana kupita kuthangata. Anati sangapalire tiyi wa anthu amene akuotcha mthunzi wa mwana wawo. Amesenjala anabwera, natulutsa mphasa ndi miphika, n'kuyatsa denga. Wasili anaima pakhomo pake chipewa chili m'manja, kenaka analowa n'kutseka chitseko.

Tinasamukira ku Thekerani, kumapiri a miyala kumene chimanga chimamera ngati chikupempha chikhululukiro. Chaka chotsatira a esiteti anazula zitsa za kumanda kuja, nalima, nabzala tiyi mizeremizere. Agogo anamwalira osabwererako. Za Wasili ndinangomva kuti anapita kumaiko a kumwera, ndipo sindinafunse zambiri.

Ana a masiku ano amati, agogo, munthu uja anali wovutika ngati inu nomwe, mukhululukireni. Ndimawayankha kuti manijala sankadziwa chimene ankachita, kwa iye inali mitengo basi. Wasili ankadziwa. N'chifukwa chake mkwiyo wanga uli pa iye, ndipo ndidzapita nawo.

Kasupe uja alipobe, anamuika paipi. Kuchokera pamenepo ndimadziwa poyenda. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ndimakwera basi, n'kulowa m'munda wa tiyiwo ndi ufa m'thumba la jekete, masamba akundifika m'chiuno. Alonda amakuwa kuti madala, malo ano ndi a kampani, tulukani. Ine mawu anga ndi aakulu kuposa awo. Ndimawauza kuti dikirani, ndikulankhula ndi amayi anga, ndipo mwaponda pamutu pawo.