Mwana Amene Ndinamuchotsa Pambali pa Bambo Ake

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite ku Mzuzu ndinkachita lendi kachipinda ku Lupaso, kuseri kwa nyumba ya mayi ena amasiye ochokera ku Nkhata Bay. Masiku amenewo aliyense wokhala ndi kamalo kuseri kwa nyumba ankazula nthochi n'kumangapo zipinda za ana a sukulu, moti malo amene kale ankalimapo chinangwa anasanduka chuma choti anthu apachibale n'kusiya kupatsana moni. Ine kwathu ndi ku Dedza, Chitumbuka changa chinkathera pa "yewo", ndipo pakhomopo ankangonditchula kuti wa kamera.

Kamerayo sinali yanga n'komwe. Inali ya kusukulu, ndipo tinkabwerekana pagulu, aliyense masiku ake. Tinali titangoyamba phunziro la kujambula ndi kukonza zithunzi pa kompyuta, ndipo ndinali nditagwidwa ndi matenda a wophunzira watsopano, oona chilichonse ngati chofunika kujambulidwa. Ndinajambula nkhuku za amama eni nyumba, akabaza ataunjikana pa siteji m'chifunga cha m'mawa, matope a ku Ching'ambo, mitengo ya ku Kaning'ina. Aphunzitsi athu, bambo wamfupi wosadziwa kuseka, ankayang'ana chithunzi chako n'kufunsa funso limodzi lomwelo: kuwala kukuchokera kuti? Ukachita chibwibwi ankakubweza kuti ukajambulenso. Pa kompyuta anatiphunzitsa kudula chithunzi m'mbali, kuwalitsa nkhope imene yada ndi mthunzi, ndiponso kuchotsa chinthu chosafunika, monga waya wamagetsi wodutsa pamutu pa munthu. Umatapa kachidutswa ka thambo pambali n'kumata pa wayapo, pang'onopang'ono, mpaka wayayo kuzimiririka. Zimenezi zinandilowa m'magazi, ndipo sindibisa, ndinkadzimva.

Loweruka lina kunagogoda mwana woyamba wa amama. Anali bambo wa jekete, wogwira ntchito mu ofesi ina m'tauni, ndipo chiyambire ine kukhala pamenepo anali asanandipatsepo moni. Ankangondilankhula akafuna kudandaula kuti ana a sukulu timasiya mpopi ukudontha. Tsiku limenelo anabwera akumwetulira, ndipo mtima wanga unayamba kukayika asanatsegule pakamwa.

"Monire asisi. Muli uli?"

"Ndili bwino, kaya inu achimwene?"

"Makola. Ndamva kuti zithunzi mukuzidziwa chomene. Tikumanga chiliza cha adada, ndiye tikufuna nkhope yawo pa matisheti, komanso chithunzi chikulu cha mu sitting room."

Anatulutsa m'thumba la jekete kanthu kokulunga m'pepala lapulasitiki la shuga, lopindidwa kawiri. Munali chithunzi chakale, chofiirira m'mbali. Malemuwo anaima kutsogolo kwa nyumba yomweyi idakali yatsopano, njerwa zili pamtunda, asanaipake pulasitala. Pambali pawo panaima kamtsikana ka zaka mwina zisanu ndi zinayi, ndipo dzanja lawo lamanja linali paphewa pake. Achimwenewo anati chithunzi chooneka bwino cha bambo awo chinali chokhachi, zina zonse anali pagulu la kutchalitchi, nkhope ngati kadontho.

"Kamwana aka mukachotsepo," anatero akuloza ndi chikhadabo.

"Ndi ndani?"

"Mwana wa antchito. Anangolowerera pa chithunzi."

Ndinali nditajambula ana okwanira kuti ndidziwe mmene mwana wolowerera amaonekera. Amasuzumira m'mbali, mutu wokha, kapena amadutsa chothamanga n'kutuluka mbuu. Saima chilili pakati, mapazi pamodzi, mwini nyumba atamuika dzanja paphewa. Ndinawauza kuti ngati nkhani ndi ya matisheti, palibe chifukwa chochotsera munthu. Ndingodula mutu ndi chifuwa cha malemu, ntchito ya mphindi ziwiri.

"Yayi, tikufuna chonse. Adada athunthu, na nyumba ioneke bwinobwino. Koma adada okha."

Atachoka ndinanunkhiza chithunzicho, sindikudziwa chifukwa chake. Chinkamveka usipa wouma, osati wa dzulo, koma fungo lolowerera la chinthu chimene chakhala zaka pafupi ndi nsomba. M'nyumba ya amama zithunzi zinkakhala m'kabati yagalasi pamodzi ndi makapu a alendo, ndipo munkanunkhira polishi. Chithunzi ichi sichinachokere m'nyumba imeneyo.

Ndinapita kwa amama, ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba. Ndinagwada, n'kuwaonetsa, n'kufunsa ngati akumudziwa mwanayo. Anachiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri, ngati mmene munthu amayang'anira chinthu chimene akuchidziwa kale.

"Mwana wane, za chiliza akuyendetsa ni mkulu wako. Chita zimene wakuuza."

Anabwerera ku nyemba zawo, ndipo anataya yabwinobwino pamodzi ndi zofumbwa.

Lolemba ndinakachikopera ku makina a kusukulu n'kuchiika pa fulashi yanga. Madzulo ndinachitsegula pa laputopu, n'kuchikuza mpaka nkhope ya mwanayo inadzaza galasi lonse. Khutu lake lakumanzere linali lopindikira kunja chakumwamba. Ndinasuntha kupita pa nkhope ya malemu, khutu lomwelo. Ndinakumbukira achimwene aja ataima pakhomo panga, kuwala kukuchokera kumbuyo kwawo, khutu lomwelonso. Sindinafunikire wina woti andiuze. Ameneyu anali mwana wa malemu wa kwa mayi wina, ndipo chimene ndinapatsidwa chinali mwina chinthu chokhacho padziko chomuonetsa ataima ndi bambo ake pakhomo pa bambo ake. Ndikamuchotsa, ndipo chithunzi chenichenicho chikapanda kubwerera kumene chinachokera, palibe akanatsutsa kuti anali mwana wa antchito.

Ndakhala ndikudzifunsa chifukwa chimene ndinapitirizira. Yankho limene ndimauza anthu ndi loti zipinda zinali zosowa, ndipo wophunzira wokangana ndi mwana wa eni nyumba ankapezeka panja ndi chikwama chake mwezi usanathe. Zimenezo n'zoona. Koma pali yankho lina limene sindikonda kulinena. Inali ntchito yovuta kuposa ina iliyonse imene anatipatsapo m'kalasi, ndipo ndinkafuna kuona ngati ndingaithe.

Inanditengera masiku atatu. Kuchotsa waya pathambo n'kosavuta chifukwa thambo ndi limodzimodzi paliponse, koma kuseri kwa mwanayo kunali khoma, ngodya ya zenera ndi mwendo wa buluku la malemu. Ndinamanga khomalo njerwa imodziimodzi, kutapa apa n'kumata apo, kusamala kuti mizere ya simenti ikumane. Mwanayo atachoka, dzanja la malemu linatsala m'malere, lotambasuka, ngati akupempherera munthu wosaoneka. Ndinalichotsa lonse kuyambira paphewa, n'kukopera dzanja lawo lamanzere, kulitembenuza, n'kulilumikiza kumanja. Kenako ndinakonza kuwala, poti dzuwa linkachokera mbali imodzi ndipo dzanja lotembenuzalo linkawala kolakwika. Chomaliza chinali mthunzi wa mwanayo pansi, umene unalumikizana ndi wa bambo ake. Ndinaudula bwinobwino n'kuthirapo dothi.

Tsiku lachitatu ndinkamalizitsa m'chipinda cha makompyuta kusukulu pamene aphunzitsi aja anaima kumbuyo kwanga. Anayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa chimene ndakonza pa chithunzicho, ndipo ndinati ndangochotsa zokandikakandika. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndachita bwino, sindinawononge kuwala kwake. Aka kanali koyamba kundiyamikira. Munthu amene ankaona cholakwika pa chithunzi chilichonse sanaone kuti panali mwana, ndipo ndinasangalala, kusangalala kwenikweni, mpaka ndinadzida ndili m'njira yobwerera kunyumba.

Achimwene anabwera Lachisanu. Anayang'ana chithunzi chatsopanocho, kuyandikira, kubwerera m'mbuyo, n'kuseka pang'ono.

"Ndinu oopsa asisi. Yewo chomene. Nanga chakale chija mwasunga kuti?"

Ndinawapatsa chithunzi chawo cha pepala.

"Yayi, cha mu kompyuta. Mufufute ine ndikuona."

Munthu wa mu ofesi, makompyuta ankawadziwa. Ndinafufuta pa laputopu, iwo anati nditsegulenso mobisala zofufutidwa ndikhuthule. Anafunsa za fulashi, ndinafufutanso. Anafunsa ngati ndinasiya china pa makina a kusukulu, ndipo ndinanena zoona kuti ayi. Ndikanatha kunama. Ndikanatha kusunga kena pena pake dzulo lake, poti ndinali nditaganizira kale kuti adzafunsa, koma sindinatero. Anaika chithunzi cha pepala chija m'thumba la jekete chopanda chokulungira, pulasitiki ya shuga ija anaisiya patebulo panga. Sindinawaone akuching'amba kapena kuchiwotcha, choncho sindinganene chimene anachita nacho.

Tsiku lovundukula chiliza anandipempha kuti ndikhale wojambula. Kunali kamvula kowaza kaja ka ku Mzuzu kosadziwika ngati kakugwa kapena kangoima m'mwamba, ndipo ndinkabisa kamera m'juzi. Abale anabwera ambiri kuchokera kunyanja, onse atavala matisheti oyera okhala ndi nkhope ya malemu pachifuwa. Kwaya inaimba, abusa analalikira, nsalu inachotsedwa pa chiliza. Ndikuzungulira kufuna poima pabwino, ndinaona mayi wina wa zaka ngati makumi atatu ataima payekha kumapeto kwa gulu, atavala chitenje ndi bulauzi wamba. Ndinamuyang'ana kudzera m'kamera, n'kukokera pafupi monga tinaphunzirira. Mpango wake unasiya khutu lakumanzere panja. Pamene ankaitana ana a malemu kuti adzaike nkhata, iye anasuntha phazi limodzi, kenako anaima. Mayina anatha asanamutchule.

Kunyumba, chithunzi chachikulu chija anachiika m'felemu n'kuchikhazika pampando pakhonde kuti aliyense achione. Anthu ankadutsa n'kumayamikira kuti malemu akuoneka ngati alankhula. Mayi uja anadikira mpaka anthu atapita kukalandira chakudya, n'kukaima patsogolo pake. Sanayang'ane nkhope ya malemu. Ankayang'ana pakhoma, pa njerwa zanga zija. Ndinafuna kuthawira kuchipinda kwanga, koma mtsikana wina wa kwaya anali atandiloza kale.

Mayi uja anabwera pamene ndinaima, pafupi ndi mpopi. Zovala zake zinkamveka usipa.

"Asisi, akuti ndinu munakonza chithunzi cha adada."

"Ndine."

"Chinali changa. Achimwene anabwera pa benchi yanga kumsika, akuti tibwereke, tikuikani pa chithunzi chikulu pamodzi na adada. Ndikafunsa kuti chibwere, akuti chinasowa kwa wa kamera."

Ndinapsa mtima. Anandigwiritsa ntchito, kenako n'kundisenzetsa mlandu wake.

"Sichinasowe kwa ine. Ndinawabwezera m'manja."

Sanadabwe. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene ankayembekezera.

"Iwo akuopa za nyumba na zipinda izi. Ine nilibe nazo ntchito, nili na pakhomo panga. Ndimangofuna chithunzi changa. Mwina muli nacho mu kompyuta?"

Anafunsa motsitsa mawu, akuyang'ana kamera imene inali pakhosi panga ngati chithunzicho chingakhale mmenemo. Ndinayesa kupeza njira yonenera kuti anandikakamiza, kuti ndinkaopa kuthamangitsidwa, koma zonsezo zinali zondithandiza ine, osati iye.

"Ndinafufuta. Paliponse."

Anachotsa maso ake pa kamera. Kukhonde anthu ankaseka, mbale zikulira. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, ndipo ndikanakonda akanatero.

"Akuti pa kompyuta chithunzi chimakula chomene," anatero pamapeto pake.

"Chimakula."

"Chija chinali chaching'ono, sindinkaona bwino. Tsiku lija adada anangonditenga kwa amama anga kamodzi kokha, ndiye sindikumbuka. Dzanja lawo lija, anangoliika paphewa poti wojambula wanena, kapena anandigwira?"

Palibe munthu wina padziko amene akanayankha funso limenelo kuposa ine. Malo amenewo ndinawakuza mpaka kuoneka timadontho, ndipo ndinathera masana athunthu pamenepo.

"Anakugwirani. Zala zawo zinalowa m'diresi mpaka nsalu inachita makwinya anayi. Chala chachikulu chinali kuseri kwa khosi lanu. Ndipo anakukokerani kwa iwo, chifukwa phewa lanulo linali lokwera kuposa linzake."

Anakweza dzanja n'kugwira phewa lake, pamalo pomwepo, osaphonya. Anakhala choncho kanthawi, maso ali pansi.

"Yewo, asisi," anatero, n'kutuluka pageti osalandira chakudya.

Kundithokoza kumeneko kunandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene ndinalandirapo, ndipo manyazi ake ndikadali nawo. Ndisanapukute n'komwe misozi m'maso, achimwene aja anandiitana kuchokera pakhonde kuti ndibwere ndijambule ana onse a malemu ataima ndi chithunzi cha bambo awo. Ndinapita, ndinawatembenuza kuti ayang'ane kumene kunkachokera kuwala, ndinawauza kuti ayandikane, ndipo ndinajambula.